Funsani Akatswiri: Kodi nsomba za grouper zapita kuti?

Funso: Ndamva kuti anthu osambira pansi pa nyanja ndi mathanki a mpweya sakuonanso nsomba zikuluzikulu za grouper m'matanthwe a korali ngati kale. Zikutha bwanji pomwe zimaikira mazira ambirimbiri?

Yankho: Zikomo pofunsa. Gwero la vutoli ndi kaswanidwe kake. Titenge Nassau grouper ya ku Caribbean. Chaka chonse imakhala yokha m'phanga lake, koma mwezi ukakhala wathunthu cha mu Disembala ndi Januwale, nsombazi zimachokera kutali n'kudzaunjikana zikwizikwi kumapeto kwa thanthwe, pomwe madzi ayambira kuya. Malowo sasintha chaka ndi chaka. Asodzi akangowatulukira, amakokolola makolo onse mazira ali m'mimba, ndipo pakatha zaka zochepa pamalopo pamangoti zii. N'chifukwa chake bungwe la IUCN, loona za kuteteza zachilengedwe padziko lonse, linaika mtunduwu m'gulu la zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu.

Palinso china chomvetsa chisoni. Mitundu yambiri ya grouper imayamba moyo ili yaikazi, ndipo imasanduka yaimuna ikakula ndithu. Msodzi akamasankha zikuluzikulu, ndiye kuti akutha zazimuna.

Komabe zimabwerera zikapatsidwa mpata. Ku zilumba za Cayman Islands ku Caribbean boma linatseka malo oswanira mu 2003, ndipo gulu la Nassau grouper la pa chilumba cha Little Cayman linachulukanso. Ku America analetsa kugwira goliath grouper mu 1990. Nsomba imeneyi imatha kupitirira makilogalamu 300.

Funso: Nanga wosambira akakumana nayo achite chiyani?

Yankho: Choyamba, musaipatse chakudya. Ikazolowera imayamba kulondola anthu, ndiye wosaka ndi mkondo amangoilasa chapafupi. Musaithamangire kapena kutsekereza khomo la phanga lake. Imani mamita angapo, pumani pang'onopang'ono kuti thovu lisachite phokoso, ndipo kawirikawiri imasendera yokha. Mukaipeza itayasamula, tinsomba ting'onoting'ono tikulowa ndi kutuluka m'kamwa mwake, dziwani kuti tikuichotsa tizilombo. Isiyeni imalize.

Lembani tsiku, malo, kuya kwa madzi, mmene mwezi ulili ndi kuchuluka komanso kukula kwa nsomba zimene mwaona. Apa ambiri amalakwitsa kukula kwake, chifukwa galasi la kumaso limakuza zinthu m'madzi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu: nsomba ya masentimita 60 imaoneka ngati ya 80. Yerekezani ndi chinthu chimene mukudziwa kutalika kwake, monga bolodi lolembapo.

Musadalirenso maonekedwe a khungu, pakuti grouper imatha kuyera kapena kuda m'kanthawi kochepa. Nassau mudzaidziwa ndi banga lakuda pamwamba pa tsinde la mchira. Ijambuleni cham'mbali, mutu ndi mchira zioneke, kenako tumizani zonse ku mabungwe owerengera nsomba monga REEF. Koma malo oswanira mukawapeza, musawalengeze pa intaneti. Auzeni akuluakulu oyang'anira usodzi okha.