Akuti ndisaine kapepala, nyumba ndi yawo

FUNSO

Zikomo anti, ndine mayi wa ana awiri, bambo a anawa anachoka chaka chatha pano akukhala ndi mkazi wina koma kukhoti sitinapiteko. Nyumba tinamanga tili limodzi koma mapepala ali m'dzina lawo poti ndalama yanga imathera pa fizi ndi zapakhomo, palinso loni ya kubanki yomwe tinasainira tonse. Ndiye abwera ndi kapepala akuti ndisaine kuti ndavomera kutenga ana ndi katundu wa m'nyumba basi, ati ndikakana ya ana asiya kupereka. Ndisaine kodi? Ndatopa nazo ine.

Mayi wa awiri

YANKHO

Pepani mayi, kutopako ndikukumvetsa, koma musasaine. Kapepala kotero munthu amasaina ataonetsa kaye loya, ndipo ngati ya loya palibe funsani kukhoti komweko akulozerani kwa a chithandizo cha zamalamulo aulere.

Ngati ukwati wanu unali wovomerezeka, kusiyana nyumba sikuthetsa ukwati, amathetsa ndi akhoti, ndiye mpaka pano ndinube mkazi wawo pamalamulo.

Za nyumbazo, dzina la pa mapepala sikuti nkhani yathera pomwepo ayi. Makhoti ambiri amafunsa kuti munaipeza liti ndipo aliyense anaikapo chani, inu kulipira fizi ndi kudyetsa pakhomo ndi komwe kunapangitsa kuti iwo ndalama yawo ikwanire simenti ndi malata, zimenezo n'zoti mukazinene mosachita manyazi. Ngakhale pangano la Maputo la 2003 loteteza amayi mu Africa, ndime 7, limati ukwati ukatha katundu wopeza limodzi agawidwe mwachilungamo. Koma musamve ngati ndakulonjezani theka, mwachilungamo sikuti nthawi zonse ndi pakati n'pakati, zimatengera malamulo a dziko ndi umboni womwe muli nawo. Ndiye yambani lero kutolera, malisiti a kusukulu, masitetimenti a kubanki, mauthenga a WhatsApp omwe munkakambirana zomanga, jambulani zonse musunge kwa munthu amene mumamudalira. Mukamva mphekesera yoti akufuna kugulitsa, thamangirani kukhoti mukapemphe chiletso.

Zoopseza za anazi zandikwiyitsa. Ndalama yosamalira ana ndi ya anawo, si yosinthanitsa ndi nyumba, pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989 limaika udindowu pa makolo onse awiri kaya ali limodzi kaya anasiyana. Mutha kukasuma imeneyi payokha osadikira kuti ukwati uthe, ndipo khoti likalamula iwo n'kunyozera pali njira zowakakamizira.

Pomwe ambiri amagwa ndi pa loni. Banki siilabadira zoti munasiyana, ngakhale khoti litanena kuti azilipira ndi bambowo, akasiya banki itha kulondola inuyo poti siginecha yanu ilipo, ndipo ngati nyumba ndiye chikole itha kulandidwa nonse n'kutsala manja lende. Pitani kubanki mukafunse yatsala zingati komanso ngati ikulipiridwa, ndipo pogawana muumirire kuti itsekedwe kapena dzina lanu lichotsedwe ndi bankiyo, osati pakamwa chabe.

Mukagwirizana panokha palibe vuto, ndi zachangu komanso zosaboola m'thumba, bola mgwirizanowo mukaupereke kukhoti ukhale chigamulo. Muonenso amene munamulemba kuti adzalandire za penshoni ndi inshulansi yanu, mwina akadali iwowo.