Funsani Azakhali: Amalume akuti tisatchule zina pa mbiri ya mayi

Zikomo Azakhali,

Ndine mtsikana wa kuno ku Mangochi, mayi anga anatisiya chaka chatha. Anali nesi komanso mzamba, agwirapo ntchito pa boma ndi m'zipatala zazing'ono mbali ya ku Namwera ndi Makanjira, ndipo pambali pa ntchitoyo ankalimbana kwambiri ndi zokwatitsa ana moti anthu ena sankawaonera kukondwa. Pa maliro mbiri yawo inali yachidule zedi, anabadwa chaka chakuti, asiya ana atatu, basi. Pano tikukonza za chiliza nde amalume akuti tidzangonena kuti anali nesi wabwino, za maukwati a anazo tisazitchule chifukwa mabanja ena omwe mayi anayambana nawo adzakhalapo. Ine zikundiwawa koma sindikufuna kuwaderera amalume. Nditani?

Mwana wawo woyamba, Mangochi

Mwana wanga,

Pepa kwambiri, Mulungu akutonthoze pamodzi ndi azing'ono ako. Ine maganizo anga ndi oti mbiri ya mayi ako inenedwe yonse, ya maukwatiyo isatsale, chifukwa mukaichotsa ndiye kuti mwachotsa chimene iwo anachivutikira kwambiri. Koma amalume akowo usawaone ngati adani ayi, iwo ndi mwini mbumba, mwambo ukatha inu mubwerera kwanu koma iwo atsala pamudzi pomwepo, azikumana ndi anthu aja kumaliro, kumsika ndi kubwalo la amfumu. Mantha awo ndi omveka. Upite ukakhale nawo pansi awiri, osati pa gulu la WhatsApp la banja pomwe aliyense amangoponya zake, ukawauze kuti simudzatchula dzina la munthu, la banja kapena la mudzi. Mukhoza kungonena kuti malemu ankateteza atsikana kuti asakwatiwe ali ana ndipo ena anabwerera kusukulu, palibe amene watukwanidwa pamenepo.

Ukawakumbutsenso kuti zomwe mayi ankachitazo boma linadzagwirizana nazo. Mu 2015 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la maukwati loti munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18, ndipo mu 2017 anasinthanso malamulo oyendetsera dziko kuti makolo asamavomereze ukwati wa mwana wochepera pamenepo. Mfumu yaikulu Kachindamoto ya ku Dedza inatchuka dziko lonse lapansi pothetsa maukwati oterewa. Nde mayi ako achititse manyazi bwanji? Komanso ganizira kuti mzamba sadana ndi maukwati a ana chifukwa chongomva pa wailesi, iye ndi amene amalandira kamtsikana ka zaka 14 usiku pakati katabwera pa njinga kuchokera kutali, thupi lisanakhwime, mwana akukanika kutuluka, ambulansi ili kwina ndipo magetsi azima akuunikira ndi tochi ya foni, ena mwa atsikanawa amatsala ndi fistula, mkodzo kumangotuluka wokha mpaka mwamuna kuwathawa. Munthu amene waona zimenezo ndi maso ake sangakhale chete.

Tsono chimene ndikufuna uyambe sabata ino, chiliza chisanafike nkomwe, ndi kutolera mbiriyo kwa anthu omwe anagwira nawo ntchito adakali moyo. Anesi anzawo, alangizi a zaumoyo, oyendetsa ambulansi, ngakhale amayi okolopa mu wodi, awa amadziwa zambiri kuposa achibale. Tenga foni uziwajambula mawu, ndipo usamafunse kuti mayi anali munthu wotani chifukwa aliyense angoti anali abwino. Funsa kuti ankatani ma ARV aulere asanayambe mu 2004, nthawi imene mawodi ankadzadza odwala mpaka ena kugona pansi. Funsa za 2007 pamene boma linaletsa azamba a m'midzi kuchiritsa amayi, anthu onse n'kukhamukira kuchipatala anesi ali ochepa omwewo. Funsa za 2011 pamene Malawi anayamba kupereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera wopezeka ndi HIV kuti mwana abadwe wopanda kachilombo. Ngati anali adakali pa ntchito nthawi ya kolera ya 2022 mpaka 2023, yomwe inavuta kwambiri kuno kunyanja, funsa amene ankaika nawo madiripi m'matenti muja. Ukatero uona kuti nkhani zizibwera zokha.

Chenjezo langa ndi limodzi, nesi amasunga chinsinsi cha odwala ndipo imfa siithetsa lamulo limenelo. Ukapeza makope awo muli mayina a anthu ndi matenda awo, usawerenge pagulu, usaike pa Facebook. Mtsikana amene mayi anamuchotsa ku banja akafuna kulankhula pa mwambo alankhule mwa kufuna kwake, osamukakamiza.

Ndipo iweyo usaiwale kuti unali mwana wawo osati wodwala wawo. Ana a anesi ambiri anakula mayi ali ku naiti, Khirisimasi ali pa ntchito, m'mawa akubwera maso ali psuu koma n'kuyamba kaye aphika phala asanagone. Ngati pena unkakwiya nazo, zilembe, sikuwanyoza kumeneko. Sunga yunifomu imodzi, kawotchi ka pachifuwa kaja ndi satifiketi yawo ya ku Nurses and Midwives Council, zidzukulu zidzafuna kuzigwira.

Za ndalama, chiliza mumange chapakatikati, musalowe nacho m'ngongole. Yotsalayo mukhoza kugula zitenje, mabeseni ndi sopo n'kukapereka ku chidikiro cha chipatala chimene mayi anakhalitsako, poti amayi ambiri amafika kudzachira alibe ngakhale chitenje chachiwiri chofunditsa mwana. Muyambe mwafunsa kaye mkulu wa pachipatalapo kuti chikusowa kwenikweni n'chiyani. Tsiku labwino lokaperekera ndi 12 May, tsiku la anamwino pa dziko lonse, kapena 15 October pa tsiku la anakubala, ndipo amalume akowo uwapemphe kuti adzatsogolere ndi iwo popereka katunduyo.

Azakhali