Timano ta m'mphepete mwa chitsulo: yankho kwa mbale wa ku Luchenza

Mbale wina amene ali ndi wekishopu ku Luchenza wanditumizira imelo. Wagula makina akale a CNC, odula chitsulo motsogozedwa ndi kompyuta, koma anyamata ake akumathabe tsiku lonse ndi tupa, kuchotsa timano totsala m'mphepete mwa chitsulo. Akufunsa ngati agule zida zimene waona pa YouTube, zoti makina kapena loboti azichotsa okha timanoto.

Achimwene, funso lanu landikhudza kwambiri, chifukwa chala changa cha mkombaphala sichipinda bwino mpaka lero, ndipo chinachita zimenezi ndi kamano kamodzi komweko.

Ndinali ndi zaka 19, nditangoyamba ntchito mu wekishopu ya fakitale ina ya tiyi kuno ku Thyolo. Inali Januwale, mvula ili pakati, matilakitala akubweretsa masamba motsatizana. Aliyense amene anagwirapo ntchito ya tiyi akudziwa kuti tsamba likathyoledwa silidikira munthu. Usiku bulaketi ya lamba wonyamula tiyi inathyoka. Tinadula puleti ya stainless, chitsulo chosachita dzimbiri, ine n'kuboola mabowo 8, kapitawo ali chilili pambuyo panga. Nditamaliza ndinapisa dzanja kunsi kuti ndichotse zinyenyeswa. Ululu sindinaumve poyamba, ndinangoona magazi akudontha pa vayisi. Kumene drill imatulukira n'kumene kamano kamakula, ndipo ka stainless kamakhala kolimba ngati lumo. Kanadula mpaka mtsempha.

Nditabwerako kuchipatala, bambo wina wachikulire amene ankatiphunzitsa ntchito ananyamula puleti ija, n'kuyendetsa chikhadabo m'mphepete mwa bowo lililonse. Sanandikalipire. Anangoti, "Mwana wanga, chitsulo chisamachoke pa vayisi chikadali ndi mano." Kenaka ananditengera pa maginito amene amaikidwa pamwamba pa lamba, n'kundionetsa tizitsulo tomwe tinamatirira. Anandiuza kuti kachidutswa ka stainless sikamata bwino pa maginito, choncho kamano kakathothoka kangathe kupitirira mpaka m'thumba la tiyi. Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kuona kuchotsa timano ngati ntchito yokongoletsa.

Ndipo apa ndiyankhule mosabisa. Zimandiwawa kuona eni mawekishopu akupereka ntchito imeneyi kwa mnyamata wolandira zochepa kuposa onse, wopanda magolovesi, ati ndi ntchito ya ana. Pitani ku Chitakale kapena ku Limbuli mukaone mageti ndi mafelemu a mawindo. Dzimbiri limayambira m'mphepete mwakuthwa, chifukwa penti imapyapyala pa nsonga, ndiye ndi chinyezi chathuchi sipatenga nthawi. Bawuti yomangidwa pamwamba pa kamano imamasuka kamanoko kakaphwanyika. Chigayo chikayamba kunjenjemera, anthu amati chitsulo ndi chabodza, pomwe cholakwika chinachitikira pa benchi.

China n'chakuti kamano kakakulu kamabadwa ndi chida chobuntha. Drill yotha sidula, imakankha chitsulo mpaka chipindikire kunja. Ndaona anthu akuboola ndi drill yomwe yasanduka yobiriwira ndi moto, kenaka n'kumadandaula kuti tupa ikutha msanga. Ngati kwanu zili chonchi, ngakhale mutagula loboti mudzangoipatsa ntchito yokonza zimene mukuwononga nokha.

Zida zake zili motani

Pa CNC, chida chosavuta ndi chamfer mill, chosenga m'mphepete mwa chitsulo. Nsonga yake ndi ya madigiri 90, ndiye imasiya mphepete yopendekera madigiri 45. Makina akamaliza kudula amasintha chida, n'kuzungulira m'mphepete chitsulo chisanamasulidwe. Pali china chotchedwa COFA, cha kampani ya Heule ya ku Switzerland, chimene kampeni kake kali pa sipuling'i. Kamasalaza pakamwa pa bowo, n'kupinda kulowa mkati, n'kukasalazanso kuseri osatembenuza chitsulo. Nditachiona koyamba ndinakumbukira chala changa, chifukwa mbali imene chimafika ndi yomwe ija inandicheka. Palinso mabulashi a Xebec a ku Japan, opangidwa ndi ulusi wa ceramic, ochotsa timano ting'onoting'ono pamwamba.

Loboti ndi nkhani ina. Mkono wake umatsata njira imene unaphunzitsidwa, koma zitsulo zoumba kapena zowotcherera sizifanana ndendende. Chida chikakhala chosagonja, apa chikumba kwambiri, apo chiphonya. N'chifukwa chake zida ngati za ATI ya ku America zimatha kugonja pang'ono, mpweya ndi umene umazikankhira pa chitsulo monga limachitira dzanja la mmisiri. Zambiri zimazungulira maulendo 30,000 kapena kuposa pa mphindi imodzi, ndipo zimafuna mpweya wa mphamvu ya pafupifupi 6 bar, woyera ndi wouma. Tsono ganizirani chiperoni cha mu Juni. Tsegulani kampopi kunsi kwa thanki ya kompuresa yanu m'mawa, muone madzi amene atuluke. Madzi amenewo akalowa m'chida chotere, mwataya ndalama zakunja zimene munavutika kuzipeza, ndipo sipeya wake simukamupeza ku Limbe.

Ndiye achimwene, za loboti zisiyeni kaye. Gulani chamfer mill ya carbide, muionjezere mu pulogalamu kuti izichotsa 0.3 mpaka 0.5 mm. Nolani kapena sinthani ma drill. Mnyamata aliyense mumupatse magolovesi ndi kachida kapamanja ka kampani ya Noga, kokhala ndi kampeni kozungulira, kakumalizira pamene makina sanafike. COFA muiganizire mukayamba kupanga zinthu zofanana mazanamazana, podziwa kuti chida chimodzi chimagwira mabowo a kukula koyandikana basi. Mundilemberenso, mundiuze mtundu wa chitsulo chimene mumadula ndi kukula kwa mabowo anu.