Yankho kwa achemwali pa funso la "is" ndi "are"

Achemwali, uthenga wanu ndaumva, ndipo chithunzi cha kope la mwana chomwe mwatumiza pagulu pano ndachiona bwinobwino. Mukufunsa chifukwa chomwe aphunzitsi sanam'chongere pamene analemba kuti "One of the boys are absent", pomwe mawu akuti "boys" akusonyeza anthu ambiri. Aphunzitsiwo sanalakwitse ayi. Chiganizo cholondola ndi chakuti "One of the boys is absent".

Lamulo lake ndi lakuti mneni amagwirizana ndi mwininkhani, osati dzina lomwe langoyandikana naye. M'chiganizochi mwininkhani ndi "one", kutanthauza mmodzi, ndipo mawu akuti "of the boys" akungotiuza gulu lomwe mmodziyo wachokera. Amene wajomba ndi mnyamata mmodzi, anzake onse ali m'kalasi. Mwanayu wakopeka ndi "boys" chifukwa ndi mawu omwe khutu lake lamva pomaliza asanafike pa mneni, ndipo ngakhale eni ake Chingerezi amaphunthwa pomwepa akamalankhula mothamanga.

Chomwe ndikufuna kuti mumuonetse n'chakuti lamuloli amalidziwa kale m'Chichewa. Tiyerekeze kuti madzulo mwawerenga ziweto m'khola ndipo mwapeza kuti zaperewera. Mudzanena kuti "Imodzi mwa mbuzi zathu yasowa", ndipo palibe angakuuzeni kuti "Imodzi mwa mbuzi zathu zasowa", chifukwa mgwirizanitsi ya- akuloza kwa imodziyo. Mukasenda mango n'kupeza lina labowoka, mumati "Limodzi mwa mangowa lawola". Chingerezi chikuchita zomwezo ndi "is". Pom'phunzitsa musayambe ndi zitsanzo za anthu akuluakulu, popeza ife timati "Mmodzi mwa aphunzitsi abwera" pofuna kupereka ulemu, ndipo ndimaona kuti chizolowezi chimenechi chimakankhira ana athu ku "are". Chingerezi sichichulukitsa mneni polemekeza munthu yemwe tikum'kamba. Ngakhale ali mfumu, amakhala "he is" basi.

Alowam'malo ena omwe amayenda motere ndi "each", "either", "neither", "someone", "nobody" ndi "everyone". Choncho timati "Each of the girls has a book" komanso "Neither of the answers is correct". Wosokoneza kwambiri ndi "everyone", chifukwa m'maganizo timaona khamu la anthu, koma mawuwa ndi ofanana ndi athu akuti aliyense, osati onse. Timati aliyense wafika koma onse afika, ndipo n'chimodzimodzi "everyone has arrived" ndi "all have arrived".

Pali chinanso chomwe ndachiona pamzere wachitatu wa kope lomwelo, pamene walemba kuti "The boys plays". Zikuoneka kuti akuganiza kuti chilembo cha s chimatanthauza kuchuluka paliponse pomwe chaikidwa. Pa dzina n'zoonadi, koma pa mneni wa nthawi ya tsopano chimasonyeza chinthu chimodzi, ndiye timati "the boy plays" koma "the boys play".

Njira yomwe ine ndimaikhulupirira ndi ya chala. Akakumana ndi chiganizo chotere, aphimbe ndi chala mawu onse kuyambira pa "of" mpaka pamene mneni ayambira, kenaka awerenge zotsalazo mokweza. Akamva "One are absent" adzadabwa yekha ndipo adzakonza popanda womuuza. Njirayi imalephera m'malo ochepa, ndipo awa angowaloweza pamtima: "a number of pupils" amatenga "are" chifukwa tanthauzo lake ndi ophunzira angapo, pomwe "the number of pupils" amatenga "is" chifukwa tikunena za chiwerengero. Mawu ngati "some" ndi "most" amatsatira dzina la kutsogolo kwawo, motero timati "some of the milk is" koma "some of the eggs are". Pa "none of the boys" mitundu yonse iwiri ya mneni imavomerezeka, ngakhale kuti pa mayeso ine ndingamulangize kutsatira zomwe buku lawo la m'kalasi likunena.

Muuzeni alembe ziganizo zisanu zoyamba ndi "one of" ndi zina zisanu zoyamba ndi "each of", ndipo munditumizire chithunzi chake mawa madzulo kuti ndim'chongere.