Kodi kuloweza mawu a Scrabble n'kokwanira, kapena tidziwenso matanthauzo?

Wowerenga wina watitumizira imelo. Akuti Chingerezi amachidziwa bwino, koma akamasewera Scrabble, masewera opanga mawu pa bolodi ndi tizidutswa ta zilembo, amagonja kwa anthu amene amaika timawu tachilendo ngati QI ndi ZA. Funso lake ndi lakuti: kodi ayambe kuloweza mawu ambirimbiri, kapena adziwenso tanthauzo la liwu lililonse?

Zikomo pofunsa. Malamulo a masewerawa safuna kuti mudziwe tanthauzo. Mu 2015, Nigel Richards wa ku New Zealand anapambana mpikisano wa dziko lonse lapansi wa Scrabble ya Chifalansa, chonsecho Chifalansacho sayankhula, anangoloweza mawu. Koma anthu otere ndi ochepa kwambiri. Kwa ambirife, liwu lopanda tanthauzo limathawa m'mutu pasanathe sabata. Komanso tanthauzo ndi limene limakuuzani ngati liwulo lingalandire chilembo china kumapeto, ndipo apa ndi pamene mapointi amapezekera kapena kutayikira.

Choyamba gwirizanani za mndandanda wa mawu. Ku United States ndi ku Canada amatsata NASPA Word List, pamene ku Britain, ku Africa kuno ndi kumayiko ena ambiri amatsata Collins Scrabble Words. Dikishonale ya kusukulu siithetsa mkangano, chifukwa mawu ambiri ovomerezeka mulibemo. Zonse zimene ndikulemba pano ndi za Collins.

Yambani ndi mawu a zilembo ziwiri. Alipo oposa 120 pang'ono, ndipo mukamaphunzira 10 patsiku mumaliza m'masabata awiri. Tsogolani ndi a zilembo zodula. Q ndi Z ndi mapointi 10, J ndi X ndi 8, ndipo chilichonse chilipo chimodzi chokha m'thumba la zilembo 100. QI ndi mphamvu ya moyo m'chiphunzitso cha ku China. ZA ndi chidule cha pizza. ZO ndi ng'ombe ya ku Tibet yobadwa kwa yak ndi ng'ombe wamba. JO ndi wokondedwa m'chiyankhulo cha ku Scotland. XI ndi chilembo cha Chigiriki, XU ndi kandalama ka ku Vietnam, ndipo AA ndi chiphalaphala chouma chokakala cha phiri lophulika. Palibe liwu la zilembo ziwiri lokhala ndi V, choncho musavutike kulifuna.

Onani mmene kaliwu kotere kamagwirira ntchito. Tinene kuti pa bolodi pali I, ndipo pamwamba pake pali bokosi lochulukitsa chilembo katatu. Mwaika Q pamenepo, n'kuikanso I wanu kumanja kwake. Mwapanga QI chotsika ndi QI chopingasa. Q uja amawerengedwa 30 mbali iliyonse, ndiye 31 kuphatikiza 31, mapointi 62 ndi zilembo ziwiri zokha. Mnzanu amene watuluka thukuta kupanga liwu lokongola la zilembo zisanu ndi chimodzi mwina wapeza 20.

Tsopano za tanthauzo zija. QI ndi dzina, ndipo limalandira S: QIS. ZAS ndi ZOS nazonso n'zovomerezeka. Koma XU sasintha akachuluka, choncho XUS kulibe. JO akachuluka amakhala JOES, osati JOS. Munthu amene wangoloweza osadziwa izi amamata S paliponse, mnzake n'kutsutsa, liwulo n'kuchotsedwa, iye n'kutuluka chimanjamanja ulendo umenewo. Simufunika tanthauzo lalitali. Pangani timakhadi toloweza, ndipo pa kakhadi kalikonse lembani liwulo, mawu atatu kapena anayi ofotokoza, kenaka ngati lili dzina kapena mneni, ndi zilembo zimene limalola kutsogolo ndi kumbuyo. AA, mwachitsanzo, amakhala BAA, AAH ndi AAS.

Q wopanda U asakukanirireni m'manja. U alipo anayi okha m'thumba, ndipo kudikira mmodzi kumakudyerani maulendo angapo. Sungani m'mutu QAT, masamba amene amatafuna ku Yemen ndi ku Somalia, QADI, woweruza wa Chisilamu, ndi QOPH, chilembo cha Chiheberi.

Mukatha apa pitani ku mawu a zilembo zisanu ndi ziwiri, chifukwa kuika zilembo zanu zonse nthawi imodzi kumawonjezera mapointi 50. Njira yake ndi kusanja zilembo motsata alifabeti. Kutsogolo kwa khadi lembani AEINRST, kumbuyo mayankho: RETAINS, RETINAS, NASTIER, STAINER, RETSINA ndi ena. Pamasewera enieni muzisanja zilembo zanu chimodzimodzi, diso lizizindikira msanga. N'chifukwa chake osewera odziwa samwaza S, amene aliponso anayi okha, kapena tizidutswa tiwiri tosalembedwa kanthu, timene timaimira chilembo chilichonse, pofuna mapointi ochepa. Pulogalamu ya pakompyuta ya Zyzzyva imakufunsani mwanjira yomweyi.

Ife oyankhula Chichewa tili ndi msampha wathu: L ndi R. M'chiyankhulo chathu kusinthanitsa ziwirizi sikusintha tanthauzo, koma m'Chingerezi COLLECT ndi CORRECT ndi mawu awiri. Khutu likakunamizani mulemba liwu lomwe kulibe. Msampha womwewu ungasanduke chida: PLAY ndi PRAY, LOAD ndi ROAD, GLASS ndi GRASS onse ndi ovomerezeka, choncho mukasowa L yesani R muone ngati liwu lina likutuluka.

Mayina a anthu ndi a malo saloledwa. LONDON simungaike. Koma CHINA amaloledwa chifukwa amatanthauzanso mbale zadothi, TURKEY ndi nkhukutembo, ndipo JAPAN ndi mtundu wa vanishi wakuda. Apanso wodziwa tanthauzo ndiye amaika liwu mosanjenjemera, ndipo sathamangira kutsutsa liwu loona, zomwe m'mipikisano yambiri zimapatsa mnzake mapointi 5 aulere.

Ndipo mawu ena mukuwadziwa kale osadziwa kuti ndi chuma. KWACHA, TAMBALA ndi NGWEE zonse zili mu Collins ngati mayina a ndalama. KWACHA pachokha ndi mapointi 18. TAMBALA ndi zilembo zisanu ndi ziwiri ndendende: mukakhala ndi T, M, B, L ndi ma A atatu, zilembo zimene wina angadandaule nazo kuti mavawelo achuluka, mumapeza 11 kuphatikiza 50 uja, tisanawerengere mabokosi ochulukitsa.