Alendo akulemba pa WhatsApp koma Analytics ikuonetsa ziro

Funso: Ndili ndi malo ogona alendo ku Mangochi. Pa webusaiti yathu pali batani la WhatsApp ndipo anthu amatilemberadi kudzera pomwepo. Mnyamata amene anatipangira webusaitiyi akuti anaika Google Tag Manager (chida choikira makhodi owerengera pa webusaiti), koma mu Google Analytics (yomwe imawerenga zimene anthu amachita pa webusaiti) pa key events, pomwe pamawerengedwa zochitika zofunika monga kudina batanilo, pali ziro. Chavuta n'chiyani?

Yankho: Bambo, ndikukayika ngati mnyamatayo anadina Publish. Vuto limeneli ndi latsiku ndi tsiku. Munthu amakonza tag (khodi yotumiza uthenga ku Analytics) ndi trigger (lamulo la nthawi yoti tag igwire ntchito), amayesa pa Preview (poyesera mu Tag Manager) zonse zikuyenda, basi n'kutseka laputopu kukatenga ndalama yake. Chonsecho zimene zili pa Preview amaziona ndi iye yekha. Lowani mu Tag Manager, ngati ikuonetsa kuti pali zosintha zomwe sizinatumizidwe, dinani Submit kenako Publish.

Zikakanikabe, tsegulani DebugView, yomwe ili pansi pa Admin mu Analytics ndipo imaonetsa nthawi yomweyo zimene webusaiti ikutumiza. Ine sindikhulupirira mawu a aliyense ndisanaone pamenepa. Yatsani Preview, tsegulani webusaiti yanu pawindo lina, dinani batani la WhatsApp lija, kenako yang'anani DebugView. Pakangotha masekondi ochepa mudziwa kumene kuli matenda.

Pakatuluka event (chochitika chimene Analytics yalemba) yotchedwa click, idineni muone link_url, yomwe ndi adiresi ya linki imene yadinidwa. Ngati muli wa.me kapena api.whatsapp.com, ndiye kuti Enhanced measurement, mbali ya Analytics yomwe imawerenga yokha zinthu ngati zimenezi, ikugwira kale ntchitoyi ndipo tag ya batanili mu Tag Manager simukuifuna n'komwe. Pangani event yatsopano mu Analytics momwemo: event_name ikhale click, link_url ikhale ndi mawu amene mwawaonawo, muitche whatsapp_click, ndipo muiike chizindikiro cha key event. Zilembo zikhale zazing'ono zokhazokha, chifukwa kwa Analytics Whatsapp_Click ndi whatsapp_click ndi zinthu ziwiri.

Pakatuluka page_view (event ya kutsegulidwa kwa tsamba) yokha, click osaoneka, wolakwa kawirikawiri ndi plugin (kapulogalamu koonjezera pa webusaiti) yaulere ya batani loyandama la WhatsApp. Ena mwa mapulaginiwa amatsegula WhatsApp ndi JavaScript m'malo mwa linki yeniyeni, ndiye Analytics siiona kanthu. Ichotseni, muike linki wamba ya wa.me. Anthu amakonda kudzaza webusaiti ndi zinthu zaulere ngati ngolo ya ganyu, kenako n'kumadabwa ikamakana kuyenda.

page_view ikamabwera kawiri mukatsegula tsamba kamodzi, mwina khodi inaikidwa kawiri, ina mu Tag Manager ina mu theme (mafayilo a maonekedwe a webusaiti). Chotsani imodzi, apo ayi chiwerengero chanu cha masamba otsegulidwa n'chabodza. Koma DebugView ikangoti zii, onani nambala yomwe ili mu tag. Iyenera kuyamba ndi G-. Yoyamba ndi UA- ndi ya Universal Analytics, Analytics yakale imene inasiya kulandira data pa 1 Julayi 2023.

Musasokonezeke ndi mayina: zomwe kale zinkatchedwa conversions mu Analytics, Google inazisintha kukhala key events mu 2024. Mukakonza, malipoti amatha kutenga maola 24 mpaka 48, ndipo za m'mbuyo sizibwerera, kuwerenga kumayamba tsiku lomwe mwaika chizindikiro.

Kudina batani si kulipira chipinda, choncho nambala ya key events muziifananiza ndi buku lanu la alendo. Ndipo mnyamatayo akupatseni udindo wa Administrator (woyang'anira akaunti) pa imelo yanu sabata ino, asanasinthe nambala ya foni.