Laputopu ya kaunjika ikukana Windows 11: tiyikemo Linux?

Funso: Ndine mayi wa ku Chilomoni. Mwana wanga wamkazi wasankhidwa kupita ku MUBAS ndipo ndamugulira laputopu ya kaunjika ku Limbe. Ili ndi Windows 10, koma Windows 11 ikukana. Mwana wa achimwene anga akuti tiyikemo Linux poti ndi yaulere. Mtsikanayu kompyuta sanaizolowere. Sizimusokoneza?

Yankho: Mayi, mwachita bwino kufunsa musanafufute chilichonse. Microsoft idasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna kachipangizo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko. Nchifukwa chake malaputopu ambiri akale akukanidwa ngakhale ali amoyo ndithu.

Linux ndi pulogalamu yoyendetsa kompyuta yonse ngati Windows, ndipo za kulimba kwake musade nkhawa. Ubuntu, umodzi mwa mitundu ya Linux, yakhalapo kuyambira 2004, ndipo mtundu wake wa LTS (wosamalidwa nthawi yaitali) umatuluka zaka ziwiri zilizonse mu Epulo nkusamalidwa zaka zisanu. Kwa woyamba kumene ine ndimakonda Linux Mint, yomwe idamangidwa pa Ubuntu yemweyo. Batani lotsegulira mapulogalamu lili pansi kumanzere ngati pa Windows, ndiye mwana wozolowera foni sachedwa kuipeza njira. Ngati RAM (memore yomwe kompyuta imagwirira ntchito) ndi 4GB yokha, asankhe mtundu wa Mint wotchedwa Xfce, ndi wopepuka.

Pamene pagona nkhani ndi pa kosi yomwe akukaphunzira, ndipo simunaitchule. Ngati ndi uinjiniya kapena zojambula mapulani a nyumba, adzakumana ndi AutoCAD, pulogalamu yojambulira mapulani, yomwe pa Linux siyenda. Photoshop chimodzimodzi. Word ndi Excel zoyika pa kompyuta kulibenso; m'malo mwake kuli LibreOffice. Imatsegula mafayilo a Word bwinobwino, koma nthawi zina matebulo amasuntha, masamba nkuchuluka, ndipo asayimenti yooneka bwino kunyumba imakafika kwa aphunzitsi itapindika. Kutumiza ngati PDF kumathetsa zimenezo, pokhapokha aphunzitsiwo atafuna ya Word. Koma ngati kosiyo ndi ya za kompyuta, ayikemo Linux lero lomwe: maseva ambiri a pa intaneti (makompyuta osunga mawebusayiti) amayendera Linux, ndipo kuidziwa kudzamuthandiza pofuna ntchito. Choncho afunse kaye ophunzira a chaka chachiwiri mapulogalamu omwe amagwiritsa ntchito.

Kuyesa sikulira kufufuta Windows. Msuweni wakeyo ayike Mint pa fulashi ya 8GB, ayatse laputopuyo kuchokera pa fulashipo, aone ngati Wi-Fi, mawu ndi kamera zikugwira. Fayilo ya Mint yokopera pa intaneti ndi pafupifupi 3GB, ndiye bandulo ya pafoni muiganizire. Zikayenda, asunge kaye zithunzi ndi zikalata pena, ndipo ayike Linux pambali pa Windows kuti ziwirizi zikhalemo. Batire ya laputopu ya kaunjika nthawi zambiri imakhala yotopa, ndiye asayambe ntchitoyi pa nthawi yomwe magetsi amakonda kuthima.

China, mayi: okonza makompyuta ambiri m'tauni muno adazolowera Windows. Amene wabweretsa ganizoli avomere pamaso panu kuti mtsikanayo akamuimbira usiku pulinta itakana, aziyankha foni.